Amayi anaonanso atachotsedwa ng'ala, nanga bambo bwanji zikukanika?

Funso: Amayi anga anachita ng'ala maso onse awiri, anawapanga opaleshoni ndipo lero amawerenga okha. Bambo nawonso atayamba kusaona tinkayesa ndi ng'ala yomweyo, koma kuchipatala anati ndi glaucoma, mtsempha wa diso unawonongeka ndipo palibe opaleshoni yowabwezera kuona. Anangowapatsa mankhwala odonthezera. Maso awo akuoneka abwinobwino, oyera, nanga alephera pati? Ine ndili ndi zaka 46, ndinapezeka ndi matenda a shuga zaka ziwiri zapitazo, koma ndimaona bwino kwambiri. Kodi pali chifukwa choti ndidere nkhawa?

Yankho: Mayi, chifukwa chilipo, ndipotu n'ziwiri: shuga wanuyo ndi matenda a bambo anu. Sindikunena kuti muzigona ndi mantha ayi. Ndikunena kuti mukapimitse maso mwezi uno womwe, ngakhale mukuona bwino chotere, chifukwa matenda awiri onsewa amawononga malo amene samva kupweteka, ndipo ambiri amadzazindikira madzi atafika kale m'khosi. Tiyambe ndi pamene maso a bambo alephera.

Mbali yakutsogolo ya diso, imene mumaiona mukadziyang'ana pagalasi, ntchito yake ndi kulowetsa kuwala ndi kukusonkhanitsa pamalo amodzi. Kuwala kumadutsa pa kachikuto koonekera kakunja, kumalowa pa kabowo kakuda kapakati kaja, kenako n'kudutsa mu lenzi. Ng'ala ndi lenzi imene yachita mbuu. Dokotala amaichotsa n'kuikapo ina yapulasitiki, kuwala n'kuyambanso kudutsa. Amayi anu anaonanso chifukwa zonse za kumbuyo zinali zamoyo, zinkangosowa kuwala. Magalasi a maso nawonso amangokonza za kutsogoloku basi.

Kuona kwenikweni kumayambira kumbuyo. M'kati mwa diso, kukhoma lakumbuyo, mwayalidwa kanembanemba kopyapyala kosafika theka la milimita, kotchedwa retina. M'kanembanemba kameneka muli maselo amene amasandutsa kuwala kukhala uthenga wamagetsi, ndipo alipo a mitundu iwiri. Ma rod alipo pafupifupi 120 miliyoni m'diso limodzi. Amagwira ntchito kukachita mdima, amazindikira msanga chinthu chikayenda cham'mbali, koma sasiyanitsa mitundu, n'chifukwa chake usiku chovala chofiira ndi chobiriwira zimangooneka zotuwa zonse. Ma cone alipo pafupifupi 6 miliyoni, amafuna kuwala kokwanira, ndipo ndi amene amatipatsa mitundu ndi timizere tating'ono ta zilembo. Ma cone anathithikana kwambiri pakati penipeni pa retina, pamalo otchedwa macula, otambalala mamilimita 5 okha kapena kuposerapo pang'ono. Mukamawerenga mawu anowa, mukamalowetsa ulusi pa singano, mukamazindikira nkhope ya munthu ali patali, mukudalira kamalo kameneka.

M'ma rod muli mankhwala achilengedwe otchedwa rhodopsin, amene thupi limapanga pogwiritsa ntchito vitamini A. Kuwala kukawagunda amasintha maonekedwe, uthenga n'kuyambika, kenako amayenera kupangidwanso. Mukachoka padzuwa n'kulowa m'chipinda cha mdima, poyamba kumangoti bii, koma pang'onopang'ono mumayamba kuona mipando ndi zitseko, ndipo pakatha mphindi 20 kapena 30 maso amakhala atazolowera mdimawo. Nthawi imeneyo ma rod amakhala akudzazanso rhodopsin wawo. George Wald, amene anafufuza za vitamini A m'diso, analandira nawo mphoto ya Nobel mu 1967 pa ntchito imeneyi. Munthu akasowa vitamini A, chizindikiro choyamba chimakhala kusaona kukangoyamba kuda.

Tsono taonani apa. Maselo olandira kuwala aposa 120 miliyoni, koma timaulusi totuluka m'diso kupita ku ubongo tilipo pafupifupi 1.2 miliyoni tokha. Ndiye kuti retina siingolandira chithunzi n'kuchipatsira chonchi. Imayamba yasankha, kuphatikiza, kuyerekezera pamene pawala ndi pamene pada, n'kutumiza zofunika zokha. Imatha kutero chifukwa ndi gawo la ubongo. Mwana akamaumbika m'mimba, retina imamera kuchokera ku ubongo n'kutulukira kutsogolo, ndipo mtsempha wa diso, umene madokotala amautcha optic nerve, ndi njira imene imatsala yolumikiza ziwirizi. Yankho la funso lanu lagona pamenepa. Khungu la padzanja likachekeka limapola, fupa likathyoka limalumikizana, koma kaulusi ka mumtsempha wa diso kakafa sikameranso. Mpaka lero palibe opaleshoni, jakisoni kapena mapiritsi obwezeretsa timaulusi timene tafa, ndipo posinthana ziwalo madokotala amatha kuika kachikuto kakunja kaja kochokera kwa munthu wina, osati retina kapena mtsemphawu.

Mitsempha iwiriyi ikatuluka m'maso imakumana pansi pa ubongo, pomwe timaulusi ta mbali ya kumphuno timadutsana kupita mbali ina, kenako uthenga umakafika kumbuyo kwenikweni kwa mutu. Kumeneko ndi kumene chithunzi chimamveka tanthauzo. N'chifukwa chake munthu wogwidwa sitiroko amatha kusiya kuona mbali imodzi, tinene kumanzere, m'maso onse awiri, maso ake ali abwinobwino.

Pali kanthu kamene ndikufuna muyese nokha, chifukwa kakuthandizani kumvetsa mmene bambo anatayira kuona osadziwa. Tengani pepala loyera. Kumanzere jambulani kamtanda, kumanja kadontho kakuda, motalikirana masentimita 8. Tsekani diso lakumanzere, ligwireni pepalalo patali ndi dzanja lotambasula, ndipo diso lakumanja liziyang'ana kamtanda kokha. Yambani kulisendeza pafupi pang'onopang'ono. Likafika cha pa masentimita 30 kuchokera kumaso, kadontho kaja kazimiririka. Mukapitiriza kulisendeza kabwereranso. Kadonthoko kagwera pamalo pamene mtsempha umatulukira m'diso, pomwe palibe selo ngakhale limodzi lolandira kuwala. Edme Mariotte wa ku France anafotokoza za malo amenewa cha m'ma 1660. Koma chimene ndikufuna muone n'chakuti pamene panali kadontho simuonapo dzenje lakuda. Muonapo pepala loyera. Ubongo wakwirirapo ndi zimene zili m'mbali mwake. Tonsefe timayenda ndi malo akhungu amenewa m'diso lililonse moyo wathu wonse osawazindikira.

Glaucoma imabisala mwa njira yomweyo. M'diso mumapangidwa madzi oyera nthawi zonse, osati misozi ayi, madzi a m'kati amene amadyetsa lenzi n'kutuluka kudzera m'timabowo tating'ono kwambiri. Timabowoto tikamatulutsa madzi mochedwa, presha ya m'diso imakwera. Kwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21 pa muyezo wa mmHg, ndipo si yofanana ndi BP imene amakuyezani pamkono. Presha yokwerayo imafinya mtsempha pomwe ukutulukira, timaulusi n'kumafa pang'ono ndi pang'ono. Zili ngati chingwe chopota chimene chikuduka kaulusi kamodzikamodzi: chimanyamulabe katundu kwa nthawi yaitali, mwini wake osaona vuto, mpaka tsiku limene chatsala ndi timaulusi towerengeka. Kawirikawiri toyamba kufa ndi timene timanyamula uthenga wa cham'mbali, osati wa pakati. Munthu amawerengabe, amazindikirabe anthu, ubongo ukukwirira mipata, diso linalo likuthandizira. Amangoyamba kuomba mafelemu a zitseko, kupunthwa pa masitepe, kudzidzimuka njinga ikamudutsa pafupi. Ngakhale m'mayiko olemera, pafupifupi theka la anthu amene ali ndi glaucoma sadziwa kuti ali nayo, ndipo padziko lonse ndiyo ili patsogolo pa matenda ochititsa khungu losabwezeka. Ena imawagwira presha ili yabwinobwino, choncho kuyeza presha kokha sikokwanira.

Mwayi wathu ndi wakuti mtsempha umenewu umaoneka. Kuchokera mu 1851, pamene Hermann von Helmholtz anafalitsa za kachipangizo kounikira m'diso, madokotala amatha kusuzumira pa kabowo kakuda kaja n'kuona mutu wa mtsemphawo wamoyo. Wathanzi umaoneka ngati kabwalo kofiirira kokhala ndi kadzenje koyera kakang'ono pakati, mitsempha ya magazi ikutulukira pamenepo n'kumwazikira mbali zonse. Wa glaucoma kadzenje kaja kamakula, mkombero wofiirira n'kumapyapyala, ndipo ikafika poipa pamangotsala poyera mbee. Zimenezi zimaoneka zaka zambiri wodwalayo asanadandaule kanthu.

Za bambo anu ndinene mosapsatira. Mankhwala anawapatsawo si owathandiza kuonanso, ndi otsitsa presha kuti timaulusi totsala tisafe. Odwala ambiri amasiya pakatha miyezi ingapo, amvekere mankhwalawa sakugwira ntchito, sindikuona kusintha. Kusasinthako ndiye kugwira ntchito kwake. Awa ndi mankhwala a moyo wonse, tsiku lililonse, pa nthawi yake, ndipo botolo lina lizikhala litafika loyambalo lisanathe. Podontheza, akokere pansi chikope cham'munsi, adonthezemo dontho limodzi lokha, atseke diso osaphethiraphethira, n'kudina ndi chala pakona ya diso ya kumphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Kudinako kumaletsa mankhwala kutsikira kummero n'kulowa m'magazi. Ngati mabotolo ali awiri, adikire mphindi 5 asanadontheze achiwiri. Mankhwala otchedwa timolol sagwirizana ndi anthu a mphumu ndiponso amene mtima wawo umagunda mochedwa, choncho dokotala adziwe ngati bambo ali ndi vuto lotero. Mankhwala akalephera pali laser, kutanthauza chithandizo cha kuwala kwamphamvu kolunjikitsidwa m'diso, ndi opaleshoni yotsegulira madzi njira ina, koma nazonso cholinga chake n'kusunga zotsala. Mufunsenso ngati bambo alibe ng'ala pamwamba pa glaucomayo, poti pa msinkhu wawo ziwirizi zimapezeka pamodzi, ndipo gawo la ng'alalo ndi lochizika.

Glaucoma imayenda m'magazi. Mwana, mchimwene kapena mchemwali wa munthu wodwala matendawa ali pa chiopsezo chokwera kangapo kuposa ena, ndipo kwa anthu akuda imayamba msanga n'kuthamanga kwambiri. Inuyo mwadutsa zaka 40, ndiye uthengawu si wanu nokha. Uzani onse obadwa nawo, ndi abale ake a bambo amene ali moyo, akapimitse.

Tibwere pa shuga. Retina ndi imodzi mwa ziwalo zimene zimadya mpweya wa okosijeni wochuluka kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo imadalira timitsempha ta magazi tating'ono kuposa tsitsi. Shuga akamakhala wokwera kwa zaka, makoma a timitsemphati amafooka. Timayamba kutupa timatuza, kudontha magazi ndi madzi, tina n'kutsekeka. Madziwo akadikha pa macula, zilembo zimachita chimbuuzi ndipo magalasi atsopano sathandiza. Malo amene atsekeredwa magazi amatulutsa mankhwala oitanitsa mitsempha yatsopano, koma yatsopanoyo imamera yosalimba ndiponso pamalo olakwika. Tsiku lina imaphulika, diso n'kudzaza magazi m'kati, kapena imachita zipsera zimene zimakoka retina mpaka kuimatula. Mwa anthu atatu alionse a shuga, pafupifupi mmodzi ali ndi zizindikiro za vutoli mu retina, ndipo ambiri mwa iwo amaona bwinobwino monga inu.

Mwati munapezeka ndi shuga zaka ziwiri zapitazo. Shuga wa akuluakulu amakhala atakhala m'thupi zaka zingapo asanadziwike, n'chifukwa chake maso amayenera kupimidwa munthu akangopezeka naye, kenako chaka chilichonse kapena monga dokotala wa maso anenera. Ngati sanakuunikenipo kumbuyo kwa diso, mwachedwa kale ndi zaka ziwiri, koma musataye mtima, chifukwa vutoli likapezeka msanga lili ndi chithandizo champhamvu. Laser imatentha timadontho pa mbali za retina zimene zikusowa magazi kuti zisaitanitsenso mitsempha yoipa ija, ndipo pali jakisoni wobaya m'diso, monga bevacizumab, wouma madzi a pa macula. Anthu amanjenjemera akamva za jakisoni wa m'diso, koma diso amayamba alichititsa dzanzi ndipo ntchitoyo siitenga nthawi. Chachikulu chili m'manja mwanu tsiku ndi tsiku: shuga, BP ndi mafuta a m'magazi zisamakwere. BP yokwera pamodzi ndi shuga zimawononga retina mofulumira kuposa chilichonse pachokha. Amayi a shuga amene atenga pathupi akapimitse maso m'miyezi yoyambirira, poti nthawi imeneyo vutoli limatha kukula msanga.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa mtima chifukwa n'chopeweka kotheratu. Diso likafiira kapena kuyabwa, anthu amagula okha mankhwala odonthezera okhala ndi steroid, monga dexamethasone, betamethasone kapena prednisolone. Amaziziritsadi diso mwamsanga, munthu n'kuwakonda, n'kumadontheza miyezi. Kwa anthu ena mankhwalawa amakweza presha ya m'diso mwakachetechete mpaka kupha mtsempha, ngakhale mwa ana, ndipo amabweretsanso ng'ala. Inu amene muli ndi glaucoma kumtundu musawayandikire popanda dokotala amene azikuyezani presha. Chimodzimodzi kuthira m'maso timadzi ta zitsamba kapena china chilichonse chosayezedwa: sichingafike kumene kuli mtsempha, chimangowononga kutsogolo kumene kunali kwabwino. Mapiritsi olengezedwa pa intaneti kuti amachiza glaucoma kapena kutsuka maso ndi kutaya ndalama chabe. Mavitamini ena amathandizadi pang'ono anthu okalamba amene macula yawo yayamba kale kutha, koma si a aliyense, ndipo sabweza mtsempha.

Zina ndingodutsamo mwachangu. Fodya amawononga macula ndi mitsempha ya magazi ya m'diso, musiyeni ngati mumasuta. Mowa wosakanikirana ndi methanol umatha kupha mitsempha ya maso onse awiri m'masiku ochepa. Ethambutol, mmodzi mwa mankhwala a TB, nthawi zina amakhudza mtsempha wa diso, ndiye womwa akaona kuti maso ayamba chimbuuzi kapena zofiira ndi zobiriwira zikumusokoneza, akanene kuchipatala tsiku lomwelo. Omwa mankhwala a nyamakazi otchedwa hydroxychloroquine kwa zaka, odwala sickle cell, ndi amene ali ndi HIV chitetezo chawo chitatsika kwambiri, makamaka CD4 ikafika pansi pa 50, onsewa retina yawo imafunika kuunikidwa. Musayang'ane dzuwa mwachindunji, ngakhale pa kadamsana, chifukwa lenzi imasonkhanitsa kuwala konseko pa macula n'kuiotcha popanda ululu. Ndipo mwana wamng'ono akaoneka ndi choyera pa kabowo kakuda ka diso, maso ndi maso kapena pa chithunzi, apite kwa dokotala wa maso mosazengereza, poti ikhoza kukhala khansa ya retina.

Zonse ndanenazi ndi zoyenda pang'onopang'ono, koma zilipo zina zosadikira kuti kuche. Mukayamba kuona kung'anima cham'mbali mwa diso, timadontho takuda tambiri tongobwera mwadzidzidzi n'kumayandama, kapena mthunzi ukutseka mbali imodzi n'kumakula, n'kutheka kuti retina yang'ambika kapena ikumatuka. Ikakonzedwa macula isanamatuke nayo, kuona kumapulumuka nthawi zambiri. Diso limodzi likangoti bii mwadzidzidzi popanda kupweteka, ngakhale litayambanso kuona pakatha mphindi zingapo, n'kutheka kuti mtsempha wa magazi unatsekeka, ndipo limeneli ndi chenjezo la sitiroko. Palinso mtundu wina wa glaucoma umene umabwera ndi ukali: diso lofiira, lopweteka kwambiri, mutu, nseru, ndi mikombero yamitundumitundu kuzungulira nyali. Umenewu umatha kuchititsa khungu m'masiku ochepa. Chilichonse mwa zimenezi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kamodzi pa mwezi muzitseka diso limodzi n'kuyang'ana mzere woongoka, monga felemu ya chitseko, kenako linalo. Anthu ambiri amakhala miyezi diso limodzi litasiya kuona bwino osadziwa, chifukwa chakuti sanatsekepo linzake.

Mukapita kokapimitsa, musakhutire ndi kuwerenga zilembo za pakhoma kokha. Munthu amene mtsempha wake watha theka akhoza kuwerenga mpaka mzere wapansi. Auzeni poyambirira kuti muli ndi shuga ndipo bambo anu ali ndi glaucoma, ndipo mupemphe zinthu zitatu: akuyezeni presha ya m'diso, akuthireni mankhwala okulitsa kabowo kakuda kaja kuti aone retina yonse ndi mutu wa mtsempha, ndipo ngati akukayikira, akuyezeni kutambalala kwa mmene mumaonera. Poyeza kutambalalako mumayang'ana kadontho kapakati n'kumadina kabatani mukaona kakuwala cham'mbali. Kumene kuli makina ojambula m'kati mwa diso otchedwa OCT amathanso kuyeza kukhuthala kwa timaulusi tija. Mankhwala okulitsawo amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti agwire, ndipo kwa maola angapo pambuyo pake kuwala kumakuthobwani, zilembo osaoneka bwino, choncho musayendetse galimoto tsiku limenelo ndipo mutenge magalasi akuda kapena wokuperekezani. Manambala a presha ndi zithunzi zimene angakujambuleni muzisunge bwino n'kumapita nazo ulendo uliwonse, chifukwa dokotala amadziwa ngati mtsempha ukutha poyerekezera za chaka chino ndi za chaka chatha.